Zimene Malo a Dziko Amatiuza

Phunziro la sabata ino likuyamba ndi funso looneka ngati la akatswiri okha: tingadziwe bwanji ngati dziko likudya chuma chake cha chilengedwe mopitirira muyeso, kapena likusiyirako ana obadwa mawa? Zizindikiro zilipo zingapo, monga ukhondo wa madzi ndi kuchuluka kwa nsomba m'nyanja. Ife tiona chimodzi, chomwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka malo.

Akatswiri amatenga mtunda wonse wa dziko n'kuugawa: apa ndi nkhalango, apa minda, apa madambo ndi msipu, apa midzi, matauni ndi misewu. Akatero amayerekeza ndi mmene zinalili zaka za m'mbuyo. Chiwerengero cha chaka chimodzi sichinena zambiri. Chofunika ndi komwe zinthu zikulowera pa zaka makumi awiri kapena atatu. Kuyambira mu 1972, masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko lapansi kuchokera kumwamba, ndipo zithunzizo zimathandiza pa kuyerekezaku.

Titenge dziko la Malawi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 118,484, koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi madzi, kotero mtunda ndi wokwana pafupifupi 94,000. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni. Mu 1987 tinali pafupifupi 8 miliyoni, ndipo mu 2018 tinakwana 17.5 miliyoni. Pamalo pomwe pankakhala anthu 43, mu 2018 panali anthu 186. Mtundawo sunakule ngakhale phazi limodzi. Ambiri mwa anthuwa amadalira khasu, ndiye munda watsopano uliwonse umachokera ku nkhalango, ku dambo kapena m'mbali mwa phiri. N'chifukwa chake zithunzi zija zikusonyeza minda ikukula, nkhalango ikubwerera m'mbuyo.

Pali kusintha kwina komwe chithunzi sichionetsa msanga. Makolo athu munda ukatopa ankausiya kuti ugone tsala zaka zingapo, tchire n'kumera, chonde n'kubwerera. Lero ndi mabanja angati omwe angasiye munda osalima? Pamapu munda wa kale ndi wa lero onse amalembedwa kuti munda, koma wa lerowu sukupuma. Kafukufuku yemwe boma linachita pamodzi ndi nthambi za United Nations anapeza kuti mu 2014 hekitala iliyonse inkataya pafupifupi matani 29 a dothi pachaka. Dothi lokokoloka ndi lapamwamba, lomwe lili ndi chonde. Mlimi amaona zimenezi pamene thumba la feteleza lomwe linkakwanira kale likuleka kukwanira.

Dothilo silisowa, limangosamuka. Lina limakathera mu mtsinje wa Shire, komwe kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Matope akadzaza m'madamu, makina sagwira bwino ntchito. Magetsi akamazimazima, mabanja a m'tauni amagula makala ambiri, ndipo makalawo amachokera ku mitengo yomwe ikanagwira dothi. Tiime kaye apa n'kukambirana: zinthu zikamazungulira chonchi, wolakwa ndani? N'kosavuta kuloza chala bambo wopalasa njinga yodzaza matumba a makala. Koma mbaula yomwe ikudikira makalawo ili pakhonde la ambiri a ife. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje womwe anthu a mu mzinda wa Lilongwe amamwa. Mlonda angathamangitse wootcha makala, koma wogula akadalipo, wina adzabwera usiku.

Mu Marichi 2023, namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ku Chilobwe, mu Blantyre, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba. Mvula ija inali yoopsa, ndipo sitinganene kuti mitengo ikanaletsa zonse. Komabe nyumba zinali zitakwera m'phiri lomwe kale linali ndi mitengo, ndipo kusintha kumeneko kunkaoneka kwa zaka zambiri tsokalo lisanagwe.

Chizindikiro chimenechi chimafunanso kuchiwerenga mosamala. Mahekitala a nkhalango si ofanana onse. Ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, kunabzalidwa paini pa mahekitala pafupifupi 53,000. Paini amapereka matabwa, n'zoona. Koma nkhalango yachilengedwe ya mitengo ya mombo ndi misuku imapereka bowa, masuku, uchi, mphalabungu ndi mankhwala azitsamba. Wina akadula yachilengedwe n'kubzala paini kapena bulugamu, chiwerengero cha nkhalango sichitsika, pomwe mudzi wataya ndiwo ndi zipatso. Mbali inayi, mitengo ya nsangu yomwe alimi amasiya m'minda nthawi zambiri siwerengedwa ngati nkhalango. Chonsecho nsangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kupeza dzuwa ndi manyowa pansi pake. Dera likhoza kuoneka lopanda nkhalango pamapu, koma nthaka yake ikuchira.

Mu 2016 dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Chaka chilichonse, nyengo yobzala mitengo ikafika, timamva kuchuluka kwa mbande zomwe zabzalidwa. Ife tikuona kuti funso labwino koposa ndi lakuti, pa mbande za zaka zitatu zapitazo, ndi zingati zomwe zapulumuka ku moto wolusa, mbuzi ndi chiswe? Kawirikawiri zitsa zomwe zikuphukira m'munda, zikangotetezedwa, zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu yake ndi yakale.

Tisanakumanenso, tigawane awiriawiri. Gulu lililonse lipeze agogo amodzi omwe anakulira m'dera lino, liwapemphe mwaulemu kuti afotokoze pomwe panali nkhalango, dambo, msipu ndi kasupe iwo ali ana. Tijambule mapu awiri, a nthawi imeneyo ndi a lero. Tiwafunsenso mwezi womwe mtsinje unkaphwa kale, ngati unkaphwa n'komwe, ndiponso mtunda womwe amayi ankayenda kukatola nkhuni. Mapuwo tibwere nawo, ndipo amene ali ndi achinyamata kunyumba awatenge pokacheza ndi agogowo.