Azakhali Ayankha: Bambo Akundikaniza Kukalandira Chithandizo

Kalata ya sabata ino yachokera ku Thyolo, kwa mayi wa zaka 34, wa ana atatu. Atapita kusikelo ndi mwana, anamwino anawalimbikitsa kuyezetsa khomo la chiberekero. Atapakapo viniga, panaoneka kamalo koyera. Anawauza kuti si khansa ayi, koma kamaloko kayenera kuwotchedwa, ndipo akatero asakhalire limodzi ndi bambo kwa mwezi. Mayiwa anati akayambe afunsa kunyumba.

"Bambo atamva anapsa mtima," akutero m'kalatamo. "Akuti amenewa ndi matenda a akazi oyendayenda, ndalama ya kabaza sandipatsa, ndipo mwezi wathunthu sangaupirire. Apongozi akuti ndikapita ndithetsa banja. Nditani, Azakhali?"

Yankho la Azakhali ndi lakuti mayiwa abwerere kuchipatala msanga.

Nkhani ya kuyendayenda iyambe yatha. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. N'kofala kwambiri, moti anthu ochuluka amakatenga nthawi ina pa moyo wawo, ngakhale amene anadziwa mwamuna mmodzi yekha. Abambo amakhala nako osamva kupweteka paliponse, n'kumapatsira akazi awo osadziwa. Kachilomboka kamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kabale khansa, kotero palibe angaloze chala kuti kanabwera ndi uje. Onse amakatenga, koma amene amagona pabedi lachipatala ndiponso kutchedwa maina ndi mayi.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansayi yafala kwambiri padziko lonse. Ziwerengero za 2020 zinaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ambiri amafika kuchipatala cha Queens ku Blantyre matenda atakula kale, akutaya magazi, chifukwa anadikira chilolezo, ndalama yoyendera kapena munthu wosiyira ana. Bungwe la WHO likuti mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chowirikiza kasanu ndi kamodzi, choncho mayiwa ndi bambo awo ayezetsenso magazi.

Kuwotchako ndi kwa mphindi zochepa. Namwino amagunditsa kachipangizo kotentha pamalo oyerawo, mayi n'kudzuka, kumanga chitenje, ulendo wa kwawo. Kumaliseche kumatuluka timadzi kwa masabata angapo pamene bala likupola, n'chifukwa chake amati bambo adikire. M'zipatala za boma salipiritsa.

Lamulo nalonso lili kumbali ya mayiwa. Gender Equality Act ya 2013 imapatsa munthu aliyense ufulu wolandira chithandizo cha uchembere wabwino, ndipo siinena kuti mayi azidikira siginecha ya mwamuna wake.

Komabe banja siliyendera malamulo okha. Mayiwa apemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo kuti adzacheze ndi bambowo, kapena awatengere kwa namwino yemwe uja akamve okha, poti abambo ambiri amafewa akamva kwa wachipatala. Ankhoswe a mbali zonse aitanidwe, apongozi alipo, afotokozeredwe kuti mwezi umodzi wopirira ukuteteza mayi wa zidzukulu zawo zitatu. Ndalama ya kabaza mayiwa angathe kubwereka kubanki m'khonde kapena kwa mchemwali wawo. Bambowo akayamba kuopseza, kumenya kapena kukakamiza kugonana bala lisanapole, zimenezo ndi nkhanza za m'banja, zoletsedwa ndi lamulo la 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo otere.

Mayiwa akaona magazi pambuyo pogonana kapena chikazi chonunkha, asazengereze kupita kuchipatala. Ngati mwa ana atatuwo muli mtsikana wa zaka 9, afunsenso za katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.