Mwana adziwe dera lake

Zikomo mayi athu a ku Kauma chifukwa cha kalata yanu. Mukuti mbiri yakale ndi jogalafe n'zongotayitsa mwana nthawi poti sizilembetsa ntchito. Nkhawa yanu ndi yomveka, makamaka pamene mwana akungoloweza zaka osazimvetsa. Komatu vuto pamenepo ndi kaphunzitsidwe, osati phunzirolo. Mwana wodziwa kuti likulu linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975 amamvetsa chimene chinakokera anthu kuno kudzafuna ntchito, malo n'kuyamba kuchepa. Wodziwa kuwerenga mapu amaona chifukwa chake mtsinje wa Lingadzi utasefukira mu 2017 unagwetsa nyumba za m'mphepete ku Mtandire. Tsiku lina mwanayu adzafuna malo omangapo, mayi, ndipo ndikufuna adzayambe wafunsa kumene madzi amadutsa mvula ikagwa.