Mudzi Wopanda Mfumu M'mbali mwa Nyanja ya Galilee

Anzanga, ife ana a kunyanja tikamva za Nyanja ya Galilee, imene m'Buku Lopatulika timaiwerenga kuti Galileya, timangoganiza za Petro ndi makoka ake. Koma m'mbali mwa nyanja yomweyo muli mudzi wina umene ndifuna kuti tiuphunzire pamodzi, pakuti funso limene eni ake analimbana nalo ndi lomwe lisautsa makolo athu olima mpunga kuno ku Nkhotakota: kodi alimi osauka angaphatikize zinthu zao kufikira pati osayambana?

Dzina la mudziwo ndi Degania, ndipo lichokera ku mau a Chihebri otanthauza mbewu za m'munda monga tirigu. Uli kumwera kwa nyanjayo, pamene mtsinje wa Jordan utulukira, monga momwe Shire atulukira m'nyanja yathu ku Mangochi. Malowo ali pansi kuposa nyanja yamchere ndi mamita ngati 200, motero kumatentha koopsa. Amene anagonapo kuno mwezi wa Okutobala adziwa chimene ndikunena. Udzudzu unali wosaneneka, ndipo malungo anagwetsa ambiri.

Oyambitsa mudziwu anali anyamata ndi atsikana Achiyuda ochokera ku Russia, kumene mtundu wao unali kuzunzidwa. Masiku amenewo dziko la Palestine linali m'manja mwa ufumu wa Turkey. Ambiri a iwo anali ana a sukulu monga ife, osazolowera khasu. Poyamba ena analembedwa ntchito pa munda wa Kinneret, koma m'chaka cha 1909 ananyanyala ntchito chifukwa chosamvana ndi kapitao wao. Tsono mkulu wina, dzina lake Arthur Ruppin, anayesa chinthu chachilendo: anapatsa antchito 7 munda wa kutsidya kwa mtsinje, pa malo otchedwa Umm Juni, kuti aulime okha chaka chimodzi popanda wowayang'anira. Chakacho chitatha anapeza phindu. Mu Okutobala 1910 kunafika gulu lina, amuna 10 ndi akazi 2, ndipo awa ndiwo anakhazikika.

Malamulo ao anali odabwitsa. Panalibe mfumu, panalibe bwana, panalibe malipiro. Munda, ng'ombe, makasu ndi ndalama zonse zinali za gulu. Munthu anali kugwira ntchito monga mwa mphamvu zake, nalandira monga mwa kusowa kwake. Onse anali kudyera m'nyumba imodzi, ndipo madzulo amakhala pansi kupangana za ntchito ya mawa. Ife ogonera pa sukulu tidziwa kukoma ndi kuwawa kwa kudyera mphika umodzi. Kusiyana kwake nkwakuti iwo panalibe belu kapena mphunzitsi wowakakamiza, anadzisankhira okha. Akazi anakana kutsekeredwa kukhitchini, ndipo Mai Miriam Baratz anatchuka chifukwa cha ntchito yao ya m'khola la ng'ombe zamkaka. Mudzi wotere autcha kibbutz, ndipo Degania ndiye woyamba. Lero ilipo ngati 270.

Koma si onse anakhoza kupirira moyo umenewu. Taganizani munthu wa changu, wolawirira kumunda tambala asanalire, alikulandira mbale yofanana ndi ya mnzake wozengereza. Taganizaninso mai amene afuna kuphikira ana ake chimene iye mwini afuna. Ena mwa anthu a ku Degania anati, chigwirizano nchabwino, koma banja liyenera kukhala ndi munda wakewake. M'chaka cha 1921 iwowa pamodzi ndi anzao anakayamba mudzi wa mtundu wina, wotchedwa moshav, m'chigwa cha Jezreel, pa malo a madambo, nautcha Nahalal. Mmodzi wa ana amene anasamuka ndi makolo ao anali Moshe Dayan, wobadwira ku Degania mu 1915, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa asilikali a Israel.

Mamangidwe a Nahalal ndiwo andikondweretsa koposa. Katswiri wina, Richard Kauffmann, anaujambula mozungulira ngati lichero. Pakati anaikapo sukulu, sitolo ndi nyumba zosungiramo zokolola. Nyumba za mabanja zinazinga zimenezi, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kunayambira munda wa banjalo, wonka nutambalala kunja. Minda yonse inali yolingana, motero panalibe wodandaula kuti wamanidwa. Banja lililonse limalima lokha, osalemba aganyu, ndipo wolimbika amapata zambiri. Koma pogula mbewu ndi zipangizo, ndi pogulitsa mkaka, mazira ndi tirigu, onse amachitira pamodzi ngati munthu mmodzi. Wina akadwala, anzake amamlimira. Mu 1926 midzi yotere inayambitsa bungwe la Tnuva lotengera zokolola zao kumizinda.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene sitiyenera kuilumpha. Malo a midzi imeneyi anagulidwa ndi bungwe la Jewish National Fund. A m'chigwa cha Jezreel anagulidwa kwa banja lolemera la Sursock, lokhala kutali ku Beirut, ndipo alimi Achiarabu amene anali kulima pamenepo anayenera kuchoka. Ife amene tinaphunzira za thangata ndi minda ya Azungu ku Thyolo ndi Mulanje tidziwa kuti pepala la wogula silitonthoza mtima wa wochotsedwa. Mkangano wa malo m'dziko limenelo sunathe kufikira lero.

Nanga Degania anatha bwanji? Mudziwo ulipobe. Koma m'zaka za m'ma 1980 midzi yambiri ya kibbutz inamira m'ngongole, ndipo achinyamata anayamba kuthawira kumizinda. Mu 2007 anthu a ku Degania anavomerezana kuti aliyense azilandira malipiro monga mwa ntchito yake, ngakhale asungabe thumba lothandizira okalamba ndi odwala. Mphika umodzi uja unakhala zaka 97.

Nzeru zimenezi zinafikanso kwathu kuno. Gulu la Malawi Young Pioneers litayamba mu 1963, alangizi ochokera ku Israel anathandiza kuphunzitsa achinyamata ku Nasawa, m'boma la Zomba. Ena mwa ophunzirawo Boma linawakhazika pa masikimu a ulimi, ndipo m'boma lathu lino tili ndi sikimu ya mpunga ya Bua. Koma taonani kusiyana kwake. Ku Degania ndi ku Nahalal alimi anapanga okha malamulo, nasankha okha atsogoleri. Kuno malamulo anachokera kumwamba, ndipo apayoniya anasanduka gulu loopedwa, kufikira asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993. Boma litachepetsa thandizo lake m'zaka zotsatira, ngalande za masikimu ambiri zinakwiririka, pakuti alimi anazolowera kunena kuti nza Boma.

Ine ndiganiza kuti njira ya Degania siingatheke pakati pathu. Nkhokwe ya Mchewa ili ndi mwini wake, ndipo ngakhale pa dima, anthu atalima tsiku lonse ndi kumwa mowa, munda ukhalabe wa amene anaitana. Koma njira ya Nahalal siili kutali nafe. Kulimirana tikudziwa kale, ndipo asodzi a chilimira agwirira khoka limodzi nagawana usipa pagombe. Pamene tilekana mpogulitsa. Mwezi wa Meyi ndi Juni, mpunga wa faya ndi kilombero utangokololedwa, mlimi aliyense apita yekha kwa wavenda ndi thumba lake, ali ndi ngongole ya feteleza ndi fizi ya mwana pamutu, nalandira mtengo umene wavendayo wanena. Mpunga womwewo ukapunthidwa ku chigayo nukafika ku Lilongwe mwezi wa Januwale, mtengo wake ukhala wina ndithu. Mabanja 75 okhala ndi nyumba imodzi yosungiramo mpunga, sikelo yaoyao ndi mlembi wosankhidwa ndi iwo eni akhoza kudikira Januwale ameneyo.