PHUNZIRO LA MWEZI UNO: TIKAPITA KOCHEZA, DIMBA ATHIRIRE NDANI?

Amayi anzanga, chimanga chikangolowa m'nyumba maulendo amayamba. Mu Ogasiti ana ali pa tchuthi ndipo agogo awo akuwafuna kumudzi. Seputembala ndi Okotobala ndi miyezi ya zinkhoswe, maukwati ndi ziliza. Pa 15 Okotobala, Tsiku la Amayi, ena timakaona makolo athu, ena timasonkherana ya minibasi kukapitidwa mphepo kunyanja ku Senga Bay kapena ku Mangochi. Misewu imakhala youma, mitsinje yowolokeka. Palibe cholakwika, munthu sangakhale pakhomo chaka chonse ngati mtondo.

Vuto ndi lakuti miyezi yomweyi ndi imene dimba la kuseri kwa nyumba limatifuna tsiku ndi tsiku. M'madera ambiri mvula imasiya mu Epulo ndipo sibweranso mpaka Novembala kapena Disembala. Chisoso, luni ndi denje zimene tinkathyola m'munda zimakhala zitauma kalekale, ndipo kamulu ka mpiru pamsika kamanka kachepa. Komatu masamba ndi limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Masamba obiriwira kwambiri ndiwo amapatsa ana vitamini A woteteza maso ndi thupi, makamaka tikatendera kapena kuthira timafuta pang'ono. Dimba likafa mu Okotobala, banja limadya nsima ya nyemba kapena usipa wokhawokha mpaka nkhwani wa m'dzinja atayanga.

Ine zinandionekera. Chaka china ndinapita ku ukwati wa mwana wa achemwali anga ku Nkhotakota, ndikuti ndikakhala masiku atatu. Ukwati utangotha pamudzipo panagwa zovuta, ndipo mukudziwa kuti mlendo satsanzika maliro ali m'nyumba. Ndinabwerako patatha masiku asanu ndi anayi. Mpiru umene ndinawokera kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke ndinaupeza utapsereratu. Ana anathirira masiku awiri oyamba, kenako mpira unawakomera. Zimene zinapirira dzuwa zinadyedwa ndi mbuzi, chifukwa wina anasiya chitseko cha mpanda chosamanga. Chinatsala ndi kholowa wa pafupi ndi thandala la mbale, ndi bonongwe wodzimerera yekha m'mbali mwa dzala. Ndinakalipira ana, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti wolakwa ndinali ine.

Kukonza dimba tisananyamuke

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuwokera ulendo uli pafupi. Mbande ya mpiru, repu kapena matimati imakhala pa nazale milungu itatu kapena inayi, ndipo ikangowokeredwa imafuna madzi m'mawa ndi madzulo kwa mlungu wathunthu kufikira mizu itagwira. Ngati deti la ukwati mukulidziwa, werengani chobwerera m'mbuyo: wokerani kutatsala milungu iwiri kapena itatu, apo ayi dikirani mukabwereko. Mbewu yokhwima imapirira, yanthete ayi.

Bedi la m'chilimwe likhale lolowa pansi ngati beseni kuti madzi asathawe. Mabedi okwera ndi a m'dzinja. M'lifupi lisapitirire mita imodzi, kuti muzifikira pakati osapondamo. Thirani manyowa owolerana bwino, chifukwa dothi la manyowa limasunga chinyontho. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbewu, makamaka kukatentha.

Koma chimene chimapulumutsa dimba kwenikweni ndi kuphimbira. Madzulo a tsiku lomaliza thirirani kwambiri mpaka madzi alowe pansi, kenako yalani udzu wouma, makoko a nyemba kapena masangwe a mtedza, mulingo wa zala zinayi kuchindikala kwake. Musagunditse kutsinde, kuopa chiswe ndi kuola. Yesani nokha kunyumba: phimbirani theka la bedi, theka lina mulisiye, ndipo patatha masiku awiri mupise chala mbali zonse. Simudzafunanso wina wokuuzani.

Kwa matimati, mabilinganya ndi therere lobala pali nzeru ina. Kwirirani mtsuko wadothi pakati pa mbewu mpaka m'khosi, mudzazemo madzi ndi kuvindikira. Mtsuko wathu wakumudzi umachucha thukuta pang'onopang'ono, ndipo mizu imadzitsatira yokha. Chivindikirocho musaiwale, mungawete udzudzu. Ngati mulibe mtsuko, botolo lapulasitiki la malita awiri lobowola timabowo tiwiri titatu ndi singano limathandizako, ngakhale silikhalitsa madzi ngati mtsuko.

A m'tauni mudzati madzi a pampopi ndi odula. Zoona. Madzi otsukira mpunga, masamba ndi otsukuluzira mbale asatayidwe pabwalo. Athireni pansi, osati pamasamba. Okhala ndi sopo wambiri apite ku nthochi ndi mapapaya. Koma madzi ochapira matewera kapena zovala za wodwala m'mimba asayandikire dimba n'komwe. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo amayenda ndi madzi komanso chakudya chodetsedwa.

Pangano ndi mnansi

Nzeru zonsezi zimangotigulira masiku owerengeka. Ulendo ukatalika pamafunika munthu, ndipo apa ndi pamene maubwenzi ambiri amasokonekera. Timangoti, “Anzanga, muzindionerako kuseriko,” ndi kukwera basi. Pobwera tayamba kudandaula kwa ena kuti anatithera matimati. Nayenso akudandaula kuti anasenza ndowa kuchokera kumjigo mlungu wathunthu, osalandira ngakhale zikomo. Onse awiri sananame, koma sanapangane.

Nenani zonse poyera musanachoke. Muyende naye m'dimbamo, mumuonetse bedi lofuna madzi tsiku lililonse ndi limene lingadikire. Ngati madzi ndi ogula, siyani ndalama yake. Ndipo mumuuze kuti wothirira ndiye wothyola. Kumeneko si kumukomera mtima chabe ayi, dimba lomwe limafuna zimenezo. Bonongwe wosathyoledwa amachita maluwa ndi kukalamba, therere likapitirira masiku atatu limalimba ngati mtengo, mpiru ukamathyoledwa masamba a m'munsi umaphukira ena. Ngati pali mbewu imene mwasungira njere, imangeni kansalu kuti aidziwe.

Chinthu chimodzi musachiiwale ngakhale basi ikuliza hutala: ngati mwapopera mankhwala, nenani tsiku limene munapopera ndi masiku odikira olembedwa pa botolo. Mnzanu angathyole madzulo omwewo ndi kudyetsa ana ake. Kunena zoona, ine ndimaona kuti ndi bwino kusapopera n'komwe ulendo ukayandikira.

Pobwera kunyanja kambale ka usipa kafike kwa iye poyamba. Ndipo tsiku limene iye adzapite kwawo, musadikire kuti achite kupempha.

Chonyamula popita, chotenga pobwera

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mame a masiku ano ena amafika ndi ana anayi ndi kukhala milungu iwiri, m'nyumba ya m'tauni imene amagula chilichonse mpaka tsabola. Mwini nyumba sanganene, amangomwetulira uku akukongola kugolosale. Mayi wa dimba sayenera kufika chimanjamanja. Masamba aawisi amafota m'basi, koma mfutso umafika kulikonse. Tsukani nkhwani kapena chitambe, muwiritse mphindi zochepa chabe popanda soda, muyanike pamphasa pamthunzi podutsa mphepo. Wouma pamthunzi umasunga mtundu ndi vitamini A wambiri kuposa wa padzuwa. Amayi athu ankaukulunga m'chikwatu cha masamba a msuku ndi kupachika kudenga. Atsikana ambiri lero sanachionepo, ndipo ndikanakonda wina wodziwa kumanga adzationetse.

Mukafika kwa anzanu, mukatha kulonjerana pemphani kuona kuseri. Njere za bonongwe, luni, maungu ndi therere la makolo zimamera mofanana ndi kholo lake chaka ndi chaka, pamene njere zotengedwa ku mbewu za haibulidi sizibereka chimodzimodzi. Mukapeza mbatata yofiira mkati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, pemphani zingwe zake. Mudzadya kholowa ndi mbatata yomwe, zonse za vitamini A.

Koma si mbewu iliyonse yoyenera kukwera nayo basi. Matenda a chisaka, amene anayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, anatha nthochi zambiri ku Nkhata Bay, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Amafala ndi nsabwe za nthochi, komanso ndi ana a nthochi amene timapatsana mwachikondi, poti mwana wa nthochi amatha kuoneka wabwinobwino matenda ali m'kati. Chimodzimodzinso mitengo ya chinangwa. Izi funsani kaye kwa alangizi a zaulimi a kwanuko.

Zokambirana pa gulu

Kambiranani momasuka: kodi ndi mawu otani amene tingauze mlendo wokhalitsa popanda kumuchititsa manyazi? Nanga m'dera lathu ndani ali ndi dimba koma sangathe kusenza ndowa, kaya ndi ukalamba, kaya akudwazika matenda kuchipatala?

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi njere za mtundu umodzi zokulunga m'pepala lolembedwa dzina la mbewuyo. Amlembi abwere ndi kope, kuti tilembe awiriawiri oyandikana nyumba amene azithirirana madimba kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa.