Gulugufe ndi Mungu wa Maluwa a Cikanda

Mlimi ali yense adziwa mungu wa cimanga, umene ugwa ku ngaiyaye ngati pfumbi, nuuluzika ndi mphepo. Koma pali banja la maluwa, lochedwa orchid pa Cingelezi, limene silimwaza mungu wace motero. Cikanda cokumbidwa m'madambo mwathu ciri ca banja lomweli. Maluwa ameneŵa amanga mungu wao m'timitolo, ndipo kunsi kwa timitoloto kuli kanthu komata ngati ulimbo.

Pa phiri la Table Mountain, ku Cape Town, m'mbali mwa timitsinje, pamera duwa lofiira la Disa uniflora, lophuka makamaka m'miyezi ya January ndi February. Duwali lidalira gulugufe wa mtundu umodzi wokha, Aeropetes tulbaghia, wokonda zofiira koposa. Rudolf Marloth analemba za aŵiriŵa m'caka ca 1895. Gulugufeyo atera pa duwa, nalowetsa mlomo wace wautali m'kathumba ka madzi otsekemera. Pamenepo miyendo yace ikhudza ulimbo uja, ndipo pouluka azula timitolo, tirikulendewera ku miyendoyo. Akatera pa duwa lina, mungu ukhudza pamalo ponata pa duwalo, nutsalira pomwepo. Iye mwini afuna cakudya cokha, sadziŵa kuti wasenzetsedwa katundu.

Mbale wace wa duwali, Disa ferruginea, ndiye wocenjera moipa. Madzi otsekemera alibe konse, koma afanana ndi duwa lina lofiira lokhala nao. Gulugufe anyengedwa, napisamo mlomo, nacoka ndi njala, mungu utamata pamlomopo.

Charles Darwin, m'buku lace la 1862, anaonetsa cinanso pa maluwa a ku England. Timitolo tikangozulidwa tiima ciriri, koma isanathe mphindi imodzi tiŵerama tokha, kuti tilunjike pamalo polandira mungu pa duwa lotsatira.

Ulendo umodzi wotere ubala mbeu zikwizikwi, zazing'ono ngati pfumbi. Koma maluwa ambiri afota osacezeredwa konse. Cikanda cathu ciri ndi tizirombo tace tocitumikira, ndipo mukacikumba conse mbeu zisanakhwime, nchito yonse ija yapita pacabe. M'madambo ambiri a Zambia cacepa, kotero kuti amalonda acitenga ku Tanzania, kumene boma linapatula dziko la mapiri la Kitulo m'caka ca 2005, kuti maluwaŵa asatheretu.