Za Ana Athu Amene Akulowa Sukulu ya Sekondale



Mwezi wa September ukafika, m'misewu mumadzala ana osenza matiresi, ndowa ndi masutikesi, alikupita ku sukulu za sekondale. Makolo ambiri, akagula yunifolomu ndi makope, nakweza mwanayo basi, mtima umakhala pansi, nayesa kuti nchito yao yatha. Siinathe ai. Makolo akale anati m'mera mpoyamba, ndipo pa zaka zinai za ku sekondale palibe nthawi yoopsa yoposa masabata oyamba a Folomu 1.

Taganizani za mwana wa zaka 13 kapena 14. Dzulo lomweli anali wamkulu m'Sitandade 8, wodziwika ndi aphunzitsi onse. Lero ndiye wamng'ono pa sukulu yonse, ndipo palibe womdziwa dzina. Phunziro lirilonse liri ndi mphunzitsi wakewake, amene amalowa, naphunzitsa m'Chingerezi, natuluka belu likalira. Mwana amene anazolowera kuti mphunzitsi azimmasulira m'Chichewa amangokhala duu, ndipo manyazi amamletsa kufunsa. Aphunzitsi asafulumire kumuyesa mbuli, pakuti kawirikawiri nzeru ali nazo, koma khutu lake lisanazolowere. Amlimbikitse kuwerenga mabuku a nthano ndi kulankhula ngakhale alikuphonya, popeza wolephera Chingerezi sangalandire satifiketi ya MSCE.

Koma chimene chimaliritsa ana usiku si maphunziro ai. Ndi kusowa mnzao, ndiponso mkhalidwe woipa uja ana a sukulu amaucha kutiza: akuluakulu kutuma atsopano kuwachapira zobvala, kuwalanda shuga ndi ndalama, kuwadzutsa pakati pa usiku kuti awaseke. Malamulo a sukulu amaletsa zimenezi, koma lamulo silimagona m'hositelo. Ena amati, ife tomwe anatichita zomwezo. Mau amenewa ngopanda nzeru, pakuti kuba sikusanduka mwambo chifukwa chakuti nawenso anakubera.

Pamenepa titengere phunziro kwa Yohane Bosco Woyera, wansembe wa ku Turin m'dziko la Italy, amene mu 1841 anayamba kusonkhanitsa anyamata ochokera kumidzi, osowa owayang'anira mumzinda. Iye anaona kuti kulanga mwana atalakwa kale kumathandiza pang'ono. Chofunika nchakuti wamkulu akhale pafupi naye asanagwe, makamaka pa bwalo la masewera, pamene mwana amaonetsa mtima wake weniweni. Mmodzi wa ana ake, Dominiko Savio, mu 1856 anapangana ndi anzake kuti aliyense azisankha mnyamata wachilendo kapena wobvuta, nakhala bwenzi lake, kumuonetsa malo ndi kusewera naye. Dominikoyo anamwalira mu 1857 ali ndi zaka 14 zokha. Tsono inu anyamata ndi asungwana a Folomu 3 ndi 4, makamaka a m'bungwe la YCS, musanene kuti ndinu ana. Nchito imeneyi njanu, ndipo siifuna ndalama. Aliyense atenge mlendo mmodzi, amdziwe dzina ndi kwao, adye naye.

Pali ana ena amene timawaiwala. Sukulu zambiri za m'midzi, zimene kuyambira 1998 zimachedwa ma CDSS, nzoyendera, ndipo ana ochokera kutali amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, nadziphikira okha. Kumeneko kulibe matironi, kulibe belu la nthawi yogona. Ufa ukatha pakati pa mwezi, msungwana wa zaka 14 amakumana ndi amuna a ndalama amene amadziwa bwino tsiku limene ufa umatha. Asungwana ambiri asiya sukulu ali ndi pakati mwa njira imeneyi, ndipo ife akulu timadzudzula mwanayo, pamene tinamsiya tokha pakamwa pa fisi. Kholo lisalole mwana kugona m'nyumba imene ilo silinaione ndi maso. Lipite, lione ngati chitseko chiri ndi loko, lilankhule ndi mwini nyumba, ndipo lipeze mai mmodzi wokhulupirika wa pomwepo amene mwana angathamangireko akadwala kapena akaopsezedwa.

Inu akatekisiti, lembani maina a ana onse a m'tchalitchi mwanu amene asankhidwa chaka chino, ndi sukulu zimene alikupita. Mwana aliyense apite ndi kalata yomdziwitsa kwa bambo mfumu kapena kwa katekisiti wa kumeneko. Ndipo a mphakati okhala pafupi ndi sukulu ayendere ana a eni ake amene ali pakati pao, awaitane ku nsima tsiku la Mulungu.

Makolo, poimba foni kapena pokamuona mwana, musayambe ndi kufunsa kuti wakhala nambala chiani, pakuti mayeso akali kutali. Mfunseni amadya ndi yani, amagona pafupi ndi yani, ndi mphunzitsi uti amene wamdziwa dzina. Akalephera kutchula dzina ngakhale limodzi patapita mwezi, pitani mukaonane ndi mphunzitsi wa kalasi lake sabata lomwelo.