Chotupa Chosawawa M'bere: Malangizo kwa Mabanja a ku Mchinji

Amayi ambiri amene timacheza nawo m'midzi, kuyambira kwa Mkanda mpaka ku Waliranji, akapeza kambulu m'bere amayamba adikira kuti kawawe. Kakapanda kuwawa amati palibe kanthu, n'kunyamula khasu ulendo wa kumunda. Apa ndi pamene timatayira anthu. Khansa ya m'mawere ikamayamba nthawi zambiri sipweteka. Ululu umadza mochedwa, nthenda itamera kale mizu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansa imeneyi, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Kumene amaipeza msanga, ambiri amachira. Kuno kwathu ambiri amafika kuchipatala bere litachita kale bala.

Dziwani mawere anu

Kamodzi pa mwezi, patapita masiku ochepa mutamaliza msambo, dziyezeni. Amene munasiya kusamba, sankhani tsiku limodzi losaiwalika, monga loyamba la mwezi. Nthawi yabwino ndi kubafa, m'manja muli sopo. Kwezani mkono wamanja, ndipo ndi zala zitatu zapakati za dzanja lamanzere sisitani bere lonse mozungulira, mofewa kenako mokanikiza, mpaka m'khwapa. Musatsine ndi nsonga za zala, gonekani zalazo. Teroninso mbali inayo.

Chimene mukufufuza ndi kusintha: chotupa cholimba, mwanabere wa m'khwapa wosaphwa, khungu lochita timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere yolowa m'kati pamene kale inali bwino, magazi kapena madzi otuluka musakuyamwitsa, chilonda chosapola. Zotupa zambiri za m'bere si khansa, ndipo zimenezi zikulimbitseni mtima. Koma dzanja lanu silingasiyanitse, ngakhale la anamkungwi kapena la asing'anga. Kutemera mphini pa chotupa kumangowonjezera bala ndi kudya miyezi imene ikanakupulumutsani.

Oyamwitsa, tcherani khutu. Bere kutupa, kutentha ndi kuwawa poyamwitsa n'kofala ndipo kumamva mankhwala. Koma mukamaliza mankhwala chotupa chikadalipo, bwererani kuchipatala, musati ndi mkaka wogona. Abambo nanunso muli ndi mawere. Pa odwala khansa imeneyi 100 alionse, pafupifupi mmodzi amakhala mwamuna.

Timamvanso zoti kusunga ndalama kapena foni m'kamisolo kumayambitsa khansa. Si zoona. Sikuti munthu walodzedwa, ndipo nthendayi sipatsirana podyera mbale imodzi kapena pogona mphasa imodzi. Zimene zimawonjezera chiopsezo ndi kukula msinkhu, mowa, kunenepa kwambiri, komanso ngati amayi anu kapena mchemwali wanu anadwalapo. Kuyamwitsa nthawi yaitali kumachepetsako chiopsezo.

Ulendo wake

Mukapeza chachilendo, pitani sabata yomweyo ku chipatala chapafupi, kaya ndi Kochilira, Kapiri, Ludzi, Guilleme kapena chipatala chachikulu cha pa boma. Tengani buku lanu la kuchipatala. Amene mukupita kukayezetsa khomo la chiberekero kapena kukatenga njira yolera, pemphani anamwino akupimeninso mawere ulendo womwewo.

Akaona zokayikitsa adzakutumizani ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 100 kuchokera pa boma. Kumeneko amatapa kanyama kakang'ono pa chotupacho n'kukakayeza, ndipo ndi njira yokhayo yotsimikizira ngati ili khansa. Kutapako sikufalitsa nthenda ayi. WHO imalangiza kuti kuyeza konse kuthe pasanadutse masiku 60 chifikireni munthu kuchipatala koyamba. Choncho mukauzidwa tsiku lokamva zotsatira, musaliphonye, ngakhale ikhale nthawi yokumba mtedza.

Ena a m'malire mumazolowera kuwoloka pa Mwami kukalandira thandizo ku Zambia. Kulikonse kumene mwayambira, sungani mapepala onse pamodzi ndipo musadumphedumphe zipatala, chifukwa kulikonse kwatsopano kuyeza kumatha kuyambanso poyambirira.

Khansa ikatsimikizika, thandizo lake limakhala opaleshoni, mankhwala a m'diripi amene amaperekedwa maulendo angapo motalikirana masabata, ndipo ena amapatsidwa mapiritsi akumwa kwa zaka. Mankhwalawa amafoola, amachititsa nseru, tsitsi limathothoka koma limameranso. Chotupa chikayamba kuphwa ambiri amaleka panjira poganiza kuti achira. Chonde malizani.

Ntchito ya pakhomo ndi ya mudzi

Mayi wodwala sagonja ndi nthenda yokha. Amagonja ndi ndalama ya minibasi, ndi munda wosalimidwa, ndi mantha oti akachotsedwa bere banja litha. Inu abambo, mawu anu oyamba akazi anu akakuonetsani chotupa ndi amene amatsegula kapena kutseka njira ya kuchipatala. Aperekezeni. Mkazi wa bere limodzi ndi mkazi wanu yemweyo, mayi wa ana anu, ndipo ali moyo.

Mchinji si mlendo pa nkhani yothandizana. Magulu a amayi a MaiMwana anaonetsa m'boma lino kuti amayi akakhala pansi pa mtengo kukambirana za uchembere, n'kupeza okha njira, miyoyo imapulumuka. Nzeru yomweyo igwire ntchito pano. Gulu la banki mkhonde lipatule kathumba ka zadzidzidzi kolipirira ulendo wa ku Lilongwe. Amayi a mvano, a dawa ndi a m'miphakati agawane masiku otunga madzi, kuphikira ana ndi kudikirira wodwala. Anyakwawa, pamsonkhano wa mudzi patsani alangizi a zaumoyo mphindi zochepa, osati mu Okutobala mokha, mwezi wokumbukira khansa ya m'mawere.

Ngati nthenda yapezeka itapita patali, thandizo lilipobe. Funsani kuchipatala cha pa boma za chisamaliro chochepetsa ululu: ali ndi mankhwala amphamvu oletsa kuwawa, ndipo amaphunzitsa osamalira wodwala katsukidwe ka bala kuti lisanunkhe ndi kuti mayiyo azitha kukhala pakhonde pamodzi ndi anzake.